Kodi Ukonde Wodzaza Unganame?

Mlimi wanzeru sadikira kuti nkhokwe yake ikhale yopanda kanthu ndipo pamenepo adziwe kuti munda waguga. Iye amayenda m'mizere nayang'ana. Akaona kaufiti atatulutsa maluwa ake ofiira patsinde pa chimanga, akaona mapesi owonda ndi masamba achikasu chonsecho mvula ikugwa bwino, amadziwa kuti nthaka yatopa. Ndipo amathiramo manyowa, kapena kubzalamo nandolo ndi mtedza kuti ipezenso mphamvu. Munda umalankhula ndi mwini wake mwa zizindikiro, ndipo zizindikirozo zili poyera pamene maso afika.

Msodzi alibe mwayi wotere. Munda wake uli pansi pa madzi. Sanafesemo mbewu, sangathe kuwerenga mapesi ake, ndipo sadziwa chimene mnzake wa tsidya lina anakololamo usiku. Mboni imene iye amaikhulupirira ndi imodzi yokha, ndiyo ukonde. Ukadzaza amati nyanja ili bwino. Ukabwera wopepuka amati ndi mphepo, kapena mwezi, kapena tsoka la tsikulo. Tsono pali funso limene lavutitsa maiko ambiri okhala m'mbali mwa nyanja zamchere, ndipo ndi funso la chilungamo koposa la masamu. Ngati ukonde ukubwera wodzaza, koma zizindikiro zina zikunena kuti nyanja ikudwala, kodi munthu amvere yani? Ndipo akamvera zizindikirozo naimika usodzi, ndani ayenera kugona ndi njala chifukwa cha nthenda imene maso sanaione?

Kum'mawa kwa dziko la Canada kuli chisumbu chachikulu chotchedwa Newfoundland. Ndi dziko lozizira ndi lamiyala, losakomera khasu, kotero kuti anthu ake anamanga midzi yawo m'magombe nadalira nyanja. M'madzi amenewo mumakhala nsomba yotchedwa cod, ya mnofu woyera, imene ikasiyidwa imakhala zaka zoposa 20 ndi kutalika kuposa mita imodzi. M'chaka cha 1497 John Cabot anafika kumeneko pa ngalawa yochokera ku Bristol, ndipo amalinyero ake pobwerera anasimba kuti nsomba zinali zambiri kotero kuti munthu ankangomiza dengu lomangirira mwala nalitulutsa lili ndi nsomba. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 400, anthu anasodza cod ndi mbedza ndi maukonde a pamanja, naithira mchere, naiyanika pa mathandala monga achitira anthu a ku Mangochi ndi usipa. Nyanja inapirira zonsezo, pakuti dzanja la munthu limatopa ndipo ngalawa yaing'ono imaopa namondwe.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera sitima zosatopa. Yoyamba inali Fairtry ya ku Britain, m'chaka cha 1954, ndipo zina zambiri zinaitsata kuchokera ku Russia, Germany, Spain ndi maiko ena. Sitima izi zinkakoka khoka lalikulu pansi pa nyanja usana ndi usiku, ndipo m'kati mwake munali makina otumbula nsomba ndi kuziumitsa ndi chisanu, kotero kuti sizinkafunika kubwerera kudoko kwa milungu yambiri. M'chaka cha 1968 chokha, cod ya kumpoto kwa chisumbucho imene inagwidwa inakwana matani pafupifupi 810,000. Pambuyo pake nsomba zinayamba kuchepa, ndipo m'chaka cha 1977 Canada inalengeza kuti madzi onse kufikira mamailosi 200 kuchokera kumtunda ndi ake, nithamangitsamo alendo. Anthu anakondwa. Koma m'malo mopumitsa nyanja nthawi yokwanira, Canada inakuza sitima zakezake zochita ntchito yomweyo.

Pano ndi pamene nkhani iyenera kumvedwa modekha. M'zaka za m'ma 1980 munali mitundu iwiri ya asodzi. Ena anali a sitima zazikulu zopita kutali pakati pa nyanja. Ena anali a m'mphepete, otchera misampha ya ukonde yonga mono waukulu pa malo omwewo pamene atate awo ndi agogo awo ankatchera, nadikira kuti nsomba zibwere zokha m'nyengo yofunda. Asodzi a m'mphepetewa ndiwo anayamba kudandaula. Anati nsomba zikubwera zochepa, ndipo zimene zikubwerazo ndi zazing'ono. Nsomba zikuluzikulu zakale zasowa. M'chaka cha 1986 bungwe lawo linapempha anthu ophunzira a pa Memorial University kuti aonenso mawerengero a Boma, ndipo iwo anapeza kuti Boma linkawerenga nsomba zambiri kuposa zimene zinalimo. Koma akuluakulu a usodzi anali ndi yankho looneka lamphamvu: sitima zazikulu zinali kubwerabe zodzaza. Nyanja yodwala ingadzaze bwanji sitima?

Ingadzaze ndithu, ndipo njira yake ndi iyi. Cod ndi nsomba yokonda kusonkhana, makamaka m'nyengo yozizira ndi poswana. Ikachepa simwazika kuti paliponse pakhale pang'onopang'ono. Yotsalayo imaunjikana pa malo owerengeka, ndipo kwina konse kumakhala kopanda kanthu. Tsono sitima zazikulu zinali ndi makina oponya mawu pansi pa madzi ndi kumva pamene mawuwo abwerera, ndipo ndi makinawo zinkapeza mulu wotsalawo mosaphonya. Munthu wotapa chimanga pa kabowo ka m'munsi mwa nkhokwe amapeza dzanja lake lodzaza tsiku ndi tsiku, ngakhale chimanga chikutsika pamwamba. Dzanja lidzamuuza zoona pa tsiku lomaliza lokha. Ukonde wa sitima unali dzanja lotere. Sunaname pa chimene unagwira, koma unayankha funso lina, losiyana ndi limene anthu ankaufunsa. Anaufunsa kuti, "M'nyanja mwatsala nsomba zingati?" ndipo iwo unayankha kuti, "Eni anga adziwa pamene zotsalazo zabisala." Msampha wa msodzi wosauka, wosatha kuthamangira nsomba, ndiwo unali mboni yoona, popeza unkaima malo amodzi chaka ndi chaka.

Akatswiri a Boma atazindikira cholakwacho, analangiza kuti m'chaka cha 1989 mugwidwe matani 125,000 okha. Nduna inaopa kutseka mafakitale a nsomba ndi kuchotsa anthu ntchito, nilola matani 235,000. Patapita zaka zitatu, pa 2 July 1992, nduna ya za usodzi, a John Crosbie, inaima mumzinda wa St. John's nilengeza kuti usodzi wa cod ya kumpoto watsekedwa, asodzi okwiya ali kumenya chitseko cha chipinda chimene inkalankhuliramo. Nsomba zoswana zinali zitatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a zimene zinalimo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito nthawi imodzi. Anauzidwa kuti chiletsocho ndi cha zaka ziwiri. Chinakhala zaka 32. M'zaka khumi zotsatira chiwerengero cha anthu a chigawocho chinatsika ndi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse, pakuti anyamata anapita kukafuna ntchito kumtunda, ndipo midzi ina inatsala ndi nkhalamba zokha.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti zizindikiro zinalipo. Nsomba zinkafupika. Dera limene zinkapezeka linkachepa. Ndiponso zazikazi, zimene kale zinkayamba kuikira mazira pa zaka 6 kapena kuposa, zinayamba kuikira pa zaka 5, zikadali zazing'ono. Pakuti kumene ukonde umatenga nsomba iliyonse yochedwa kuswana, zimene zimasiya mbewu ndi zofulumira zokha. Ichi sichinthu chaching'ono. Cod yaikazi yaikulu imaikira mazira mamiliyoni ambiri, kuposa kutali yaing'ono yoyamba kumene, ndipo nyanja yotha nsomba zake zazikulu ili ngati khola limene mwini wake wagulitsa ng'ombe zonse zobereka nasiya ana a ng'ombe, nanena kuti mitu idakali yokwanira.

Chifukwa cha masoka otere, anthu ophunzira za nyanja analeka kufunsa ukonde wa malonda wokha, nayamba kufuna zizindikiro monga achitira dotolo, amene sakhutira ndi mawu a wodwala akuti ali bwino, koma amayesa kutentha kwa thupi, namvera mtima, nayang'ana m'zikope ngati muli magazi. Maiko amatuma sitima zoyesera zimene zimaponya ukonde wofanana, pa malo osankhidwiratu, m'nyengo yomweyo chaka chilichonse, kaya pali nsomba kaya palibe. Ku North Sea, nyanja ya pakati pa Britain ndi Norway ndi Denmark, anagwirizana kuti pa nsomba za pansi zogwidwa motere aziyesa kulemera kwa zimene ziposa masentimita 40, ndipo anati nyanja ili bwino ngati zazikuluzo zikwana magawo 30 mwa 100, monga zinalili kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ena amayang'ana ngati nsomba zodya zinzake zikadalipo, pakuti izo ndizo zimayamba kutha. Ena amayesa ngati mitundu yokhala zaka zambiri ikulowedwa m'malo ndi mitundu ya moyo waufupi.

Ndipo mboni zina sizili nsomba konse. Mbalame za kunyanja zimasodza tsiku lililonse, ndipo sizilandira chiphuphu. Kum'mawa kwa Scotland, mbalame zotchedwa kittiwake zitayamba kulephera kulera anapiye awo, usodzi wa kansomba kotchedwa sandeel, kamene mbalamezo zimadya, unatsekedwa m'dera limenelo m'chaka cha 2000. M'chaka cha 2011 Philippe Cury ndi anzake anaonkhetsa zolembedwa za mitundu 14 ya mbalame m'madera 7 a nyanja, napeza kuti tinsomba todyedwa tikatsika kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchuluka kwake kwakukulu, anapiye amayamba kufa m'zisa. Kufupi ndi kuno, ku Namibia, sardine inagwidwa mopyola muyeso m'zaka za m'ma 1960 nigwa, ndipo sinabwererenso mwakale. M'chaka cha 2006 anthu oyesa madziwo anapeza kuti zamoyo zonga phala loyera, zoyabwa, zotchedwa jellyfish, zinali zitalemera kuposa nsomba. Munda ukasiyidwa ndi chimanga sukhala wopanda kanthu, umamera zina. Nyanja nayonso ili chomwecho.

Komatu asaganize wowerenga kuti zizindikiro ndi mawu a mneneri osalakwa. M'chaka cha 1998 Daniel Pauly ndi anzake anaonetsa kuti m'madera ambiri asodzi akutsika makwerero, kuchoka pa nsomba zazikulu zodya zinzake kufika pa tinsomba todya tizilombo ta m'madzi, ndipo muyeso wawo unalandiridwa m'maiko ambiri. Koma m'chaka cha 2010 Trevor Branch ndi anzake anaonetsa kuti muyesowo, ukatengedwa pa nsomba za malonda, nthawi zambiri sugwirizana ndi zimene sitima zoyesera zipeza. Asodzi akangoyamba kugwiranso tinsomba chifukwa tapeza msika, muyeso umatsika ngakhale zazikulu zikadalipo. Ndipo zazikulu ndi zazing'ono zikamatha pamodzi, muyeso ungaime pamalo ngati kuti zonse zili bwino. Ngakhale ku Newfoundland ukonde sunali wokha pa mlandu. Madzi anazizira kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kansomba kotchedwa capelin, ndiwo ya cod, kanachepa mwadzidzidzi m'nyengo yomweyo. N'chifukwa chake akatswiri amene mu 2010, motsogozedwa ndi Yunne-Jai Shin ndi Lynne Shannon, anayerekeza madera 19 a nyanja zamchere, sanadalire muyeso umodzi, koma ingapo pamodzi. Mfumu ya nzeru sigamula mlandu wa munda pa mawu a mboni imodzi, ngakhale mboniyo ikhale nkhalamba yolemekezeka.

Tsono apa ndi pamene munthu wotsutsa amaimirira, ndipo mawu ake ayenera kumvedwa ndi ulemu, pakuti si mawu a chitsiru. Iye amati: "Eni zizindikiro avomera okha kuti zikhoza kulakwa. Koma njala ya mwana wa msodzi silakwa. Ngongole ya bwato silakwa. Mukufuna kuti munthu asiye nsomba imene ili m'dzanja lake lero chifukwa cha nambala ya munthu wolandira malipiro pa mwezi, amene nambalayo ikalakwa sataya kanthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Munthu amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuseka mawu awa.

Koma ayesedwe pa sikelo. Pali zolakwa ziwiri zimene mtundu wa anthu ungachite. Ungachepetse usodzi pamene nyanja inali bwino, kapena ungapitirize usodzi pamene nyanja inali kudwala. Zolakwa izi sizilemera chimodzimodzi. Pa cholakwa choyamba nsomba yosagwidwa siitayika. Imatsala m'madzi, nikula, niswana, ndipo chaka chamawa idzagwidwa ili yolemera kuposa lero. Pali kutaya ndithu, ndipo ndi kowawa, koma kuli ndi malire. Pa cholakwa chachiwiri chotayikacho ndi mbewu yeniyeni, ndipo madzi akatayika saoleka. Nduna ya mu 1989 inafuna kupulumutsa ntchito za anthu ena kwa chaka chimodzi. Zimene zinatsatira zinachotsa ntchito za anthu onse kwa mbadwo wathunthu. Sikuti inali munthu woipa mtima ayi. Chifundo chake chinali chenicheni, koma chinaona okhawo amene anaima pakhomo la ofesi, ndipo ana a anthu omwewo, amene anali asanafike msinkhu wogwira nkhafi, sanatumize nthumwi. Kukayika sikumasula munthu ku udindo. Mayi amene sadziwa bwino ngati bowa ali wabwino kapena wakupha sanena kuti, "Popeza palibe umboni wokwanira, ana adye."

Komabe wotsutsa uja ali ndi mbali imene wapambana, ndipo ndi iyi: kunena kuti usodzi uchepe sikunena kuti onse ataye mofanana. Ku Newfoundland anthu amene anachenjeza poyamba, eni misampha ya m'mphepete, amene sakanatha kumaliza nsomba ngakhale akanafuna, anatsekeredwa tsiku limodzi ndi eni sitima zazikulu. Boma linawapatsa ndalama zothandizira kwa zaka zingapo, koma ndalama sizibweza mudzi. Kampani ingathe kutumiza sitima zake ku nyanja ina kapena kugula nsomba kwa alendo. Munthu wa bwato limodzi alibe nyanja ina. Chilungamo chifuna kuti amene anatenga zambiri ayambe ndiye kuleka, ndi kuti chizindikiro chikangoyamba kupendekeka, khoka lalikulu lichepetsedwe mbedza isanakhudzidwe. Kumene izi sizichitika, msodzi wosauka amaphunzira kuti zizindikiro ndi ndodo ya olemera, ndipo amayamba kubisa zimene wagwira. Pamenepo mawerengero a chaka chamawa amakhala onama kuposa a chaka chino.

Wowerenga nsomba naye ali ndi mangawa ake. Ayenera kunena zimene wapeza ngakhale zisakondweretse womulemba ntchito, ndipo ayenera kunenanso poyera pamene kudziwa kwake kwathera, osavala nkhope ya munthu wodziwa zonse. Koposa izi, ayenera kumvera. Cholakwa chachikulu cha ku Newfoundland sichinali kusowa kwa masamu. Chinali chakuti mawu a munthu wonunkha nsomba anayesedwa nkhambakamwa chabe, ndipo mawu olembedwa pa pepala anayesedwa choonadi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale wosadziwa kulemba dzina lake.

Pali nthenda inanso yobisika kwambiri, imene Daniel Pauly yemweyo anailongosola m'chaka cha 1995. Mbadwo uliwonse umayesa nyanja ndi mmene unaipezera pa ubwana wake. Mnyamata woyamba usodzi lero amaona nsomba za lero ngati ndiyo nyanja yathunthu, ndipo akadzakalamba adzadandaula za kuchepa kochokera pamenepo pokha; mwana wake naye adzayambira pa zotsalazo. Motero nyanja ingathe kutha pang'onopang'ono popanda mbadwo uliwonse kuona kuti yataya zambiri. Chizindikiro chilichonse chimafuna poyambira, ndipo wosankha poyambirapo wagamula kale theka la mlandu. Anthu a ku North Sea posankha zaka za m'ma 1980 anasankha nyanja imene sitima zinali zitaikoka kale kwa zaka pafupifupi 100. Nkhalamba yonena kuti kale nsomba imodzi inkakwana banja lonse imaoneka ngati yokokomeza, koma kawirikawiri ndiyo yokha imene yasunga muyeso woyamba. Bungwe la FAO linawerenga kuti mu 1974 magulu a nsomba za m'nyanja zamchere ogwidwa mopyola muyeso anali 10 mwa 100, ndipo mu 2021 anali pafupifupi 38 mwa 100. Kusintha kotere sikuoneka pa chaka chimodzi, koma pa moyo wa munthu.

Dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere, koma nkhaniyi siyachilendo kwa anthu a ku Malombe. Nyanja yosaya imeneyo, imene mtsinje wa Shire umadutsamo kumwera kwa Mangochi, inapereka chambo choposa matani 8,000 m'chaka cha 1982, ndipo patapita zaka khumi sichinafike ngakhale matani 1,000. Koma m'zaka zimenezo maukonde sanabwere opanda kanthu. Anadzaza ndi kambuzi, wogwidwa ndi nkacha ya maso aang'ono, kotero kuti munthu woyang'ana sikelo yokha akanati nyanja ili bwino. Chambo chimakonza zisa zake pa mchenga, ndipo chachikazi chimalera ana ake m'kamwa. Ukonde wokwekwesa pansi umafafaniza zisa, nuzula zomera zobisalamo tiana, ndipo chambo chimodzi chogwidwa ndi ana m'kamwa ndi banja lonse lathera pa thandala. Kulowa kwa nsomba yaing'ono m'malo mwa yaikulu kunali chizindikiro chomwe chija cha ku Namibia. Makomiti a m'magombe anakhazikitsidwa kuyambira mu 1993, nthenda itakula kale. Pa nyanja yaikulu napo, ntchila imene inali yambiri m'zaka za m'ma 1950 inagwa m'zaka zotsatira, ndipo ambiri a ana a lero sanailawepo.

Koma ku chisumbu cha Mbenji, m'boma la Salima, mfumu Makanjira ndi akuluakulu ake akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachoka pachisumbupo kufikira tsiku lotsegulira. Anthu amamvera lamulolo, ngakhale limawasowetsa ndalama miyezi ingapo, chifukwa limagwira wamkulu ndi wamng'ono chimodzimodzi, ndipo olisunga ndi anthu amene asodzi amawadziwa nkhope. Izi zionetsa kuti msodzi sakana kudziletsa. Chimene amakana ndi kudziletsa yekha mnzake akukoka.

Ku Newfoundland mlandu sunathe. Cod itasowa, nkhanu ndi shrimp zimene inkadya zinachuluka, ndipo asodzi ena anapeza nazo ndalama zoposa za kale, koma anthu ochepa kuposa akale. Cod inabwerera pang'ono, niima. M'chaka cha 2023 akatswiri a Boma anakonzanso mawerengero awo, natenga zolembedwa zoyambira mu 1954 ndi kuonjezeramo za capelin, ndipo anatsitsa mzere umene nsomba zikakhala pansi pake zimatchedwa kuti zili pangozi. Tsiku limenelo m'nyanja simunaonjezeke nsomba ndi imodzi yomwe, koma cod inapezeka ili pamwamba pa mzere. Eni mawerengerowo ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zopanda nzeru: amati nsombayi ingathe kudzibweza kuchokera pa chiwerengero chotsika kuposa mmene ankaganizira. Ena amati mzere wosunthidwa nsomba zisanachuluke uyenera kuyang'anidwa kawiri. Mu June 2024 Boma la Canada linachotsa chiletso nilola matani 18,000, ndiwo gawo limodzi mwa magawo 45 a zimene zinagwidwa mu 1968. Pa matani amenewo linapatsako sitima zazikulu za pakati pa nyanja, ndipo bungwe la asodzi a m'mphepete linakana poyera, nilikumbutsa Boma lonjezo lakale lakuti nsomba zoyamba kubwerera zidzakhala za eni mabwato aang'ono.